Mutu, Mtima ndi Tsinde la Perefyumu

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Lero tikamba za perefyumu. Ndikudziwa kuti abambo ena dzanja lapita kale pa wailesi kuti asinthe siteshoni, akuti zimenezo n'za atsikana a m'tauni. Taimani kaye, bambo. Nkhaniyi ikafika m'munda mwanu momwemo, pa mzere wa akalozera, ndipo mudzadabwa kuti mwakhala mukuponda chiyani zaka zonsezi.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Chaka china mu Okutobala mphwanga ankamanga ukwati, ndipo ine ndinafuna kukaoneka ngati munthu. Pa msika ndinakumana ndi mnyamata wina atayala timabotolo pa thebulo. Anapopera pang'ono m'chivindikiro, n'kundiyandikizira pamphuno. Eee, kununkhira kwake! Ngati ndimu wongothyola kumene. Sindinanenerere n'komwe, ndinangopereka ndalama. Tsiku la ukwati ndinadzipopera mokwanira. Polowa m'tchalitchi, fungo la ndimu lija linali litapita. Pofika nthawi ya perekaniperekani, dzuwa likuswa mtengo, ndinkamveka ngati shuga wopserera pa mbaula, mutu uli waa. Achemwali anga anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, “Achimwene, mwadzola chiyani kodi?” Kwa zaka zambiri ndinkati mnyamata uja anandibera. Lero ndikuvomera kuti theka la mlandu linali langa. Ndinagula perefyumu nditangomva “odi” wake, ndisanamve nkhani imene wabwera nayo.

Tiyeni tione chimene chinachitika. Mwakwera minibasi pa Zalewa m'miyezi yozizira ija, nyengo ya manachesi a ku Mwanza. Wina kumpando wakumbuyo wasenda nachesi. Simunacheuke, koma mwadziwa kale, ndipo kondakitala nayenso wadziwa. Fungo ladzaza minibasi yonse nthawi imodzi. Koma musanafike pa Lirangwe, lazimiririka. Tsopano kumbukirani kabokosi ka mkungudza wa ku Mulanje kamene mabanja ena amasungiramo makalata. Fungo lake silikuthamangirani pakhomo, muyenera kutsegula ndi kuweramira. Koma kabokosi kaja katha zaka makumi awiri, ndipo kakununkhirabe.

Chifukwa chake n'chakuti fungo ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timachoka pa chinthu, kuuluka mumpweya n'kulowa m'mphuno mwathu. Ta m'makoko a nachesi n'topepuka, timanyamuka tonse msanga, n'kutheratu. Ta mu mkungudza n'tolemera, timachoka mwaulesi, pang'onopang'ono. Wopanga perefyumu amatenga zopepuka, zapakatikati ndi zolemera, n'kuziika m'botolo limodzi. Mukadzipopera, zonse zimagwera pakhungu nthawi imodzi, koma zimachokapo motsatana. N'chifukwa chake perefyumu wa 7 koloko m'mawa ndi wa 2 koloko masana amamveka ngati anthu awiri, chikhalirecho botolo ndi lomwelo.

Pa Chingerezi magawo amenewa amawatcha notes, mawu obwerekedwa kwa oimba. Katswiri wina wa ku London, Septimus Piesse, m'zaka za m'ma 1850 analemba buku lofanizira mafungo ndi mawu a nyimbo, ena okwera ngati sopulano, ena otsika ngati besi. A kwaya mwandimva. Pambuyo pake Jean Carles, mphunzitsi wa opanga perefyumu mu mzinda wa Grasse ku France, anaphunzitsa ophunzira ake kusanja zipangizo m'magulu atatu potengera liwiro limene zimaulukira. Ife pano tiwatchule kuti mutu, mtima ndi tsinde.

Mutu ndiye “odi” uja. Umamveka mukangopopera, ndipo pakatha mphindi 15, mwina mpaka theka la ola, wapita. Muno mumakhala mandimu, malalanje, timbewu tonunkhira ndi chipatso china cha ku Calabria ku Italy chotchedwa bergamot. Ntchito ya mutu ndi kukukopani, ndipo wogulitsa aliyense amadziwa zimenezi. Mtima ndi nkhani imene mlendo wabwera nayo atakhala pa mkeka. Umatenga maola awiri, atatu kapena anayi, ndipo kawirikawiri ndi maluwa, monga rozi, jasmine ndi ylang-ylang wa ku zilumba za Comoros ndi Madagascar, kapena zokometsera ngati sinamoni ndi ma clove a ku Zanzibar. Tsono tsinde ndi zimene zimatsala mlendo atatsanzika. Ndi lija mumalimva pa kolala ya malaya mawa lake, kapena pa chitenje cha mayi anu chimene chakhala m'sutikesi. Limachokera ku mitengo, mizu, utomoni ndi vanila. Tsinde lili ndi ntchito inanso imene ambiri saidziwa: limagwira zopepuka zija kuti zisathawe msanga. Perefyumu wopanda tsinde labwino ali ngati denga la udzu losamangidwa ndi luzi, kamphepo kakang'ono kalisasula.

Mtengo umodzi utha kupereka mafungo a magulu osiyana. Pali mtundu wa lalanje lowawa umene amalima ku Tunisia ndi ku Morocco. Makoko ake amapereka mafuta ena, masamba ndi tinthambi take zimapereka ena otchedwa petitgrain, ndipo maluwa ake amapereka a mtengo wapatali otchedwa neroli. Ngati muli ndi mtengo wa ndimu pakhomo, yesani: nunkhizani khoko, tikitani tsamba, ndiye mudikire maluwa. Mupeza kuti ndi apachibale, koma aliyense ali ndi khalidwe lake.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

MUULUTSI: Tsopano abambo aja ndinawaimitsa, nayi nkhani yanu. Alangizi a zaulimi akhala akutiuza kwa zaka zambiri kuti tibzale udzu wa vetiva pa akalozera ndi m'mphepete mwa zigwembe, kuti nthaka isakokoloke. Udzu umenewu kwawo ndi ku India. Mizu yake simwazikana cham'mbali ngati ya udzu wina, imalowa pansi molunjika, mpaka mamita atatu, n'kulukana ngati ukonde. N'chifukwa chake umagwira dothi. Masamba ake alibe fungo lililonse loti n'kukambapo. Chuma chili pansi. Fukulani kamuzu kamodzi, mukatsuke, mukayanike pamthunzi masiku angapo, kenako mukanyowetse pang'ono n'kukanunkhiza. Mumva fungo la dothi lonyowa, la nkhuni, la kautsi patalipatali. Limenelo ndi limodzi mwa matsinde olemekezeka kwambiri pa dziko lonse, makamaka mu perefyumu wa amuna.

Pafupifupi theka la mafuta a vetiva a pa dziko lapansi limachokera ku Haiti, kumwera kwa dzikolo, kufupi ndi mzinda wa Les Cayes. Alimi ang'onoang'ono ngati ife amafukula mizu ndi manja udzu ukatha chaka kapena kuposerapo, n'kukagulitsa ku mafakitale. Kumeneko mizu imaphikidwa ndi nthunzi kwa maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu, ndipo makilogalamu 100 a mizu amatulutsa kilogalamu imodzi kapena ziwiri za mafuta. Mafutawo ndi amene ali pa tsinde la Chanel No. 5, perefyumu wotchuka uja amene Ernest Beaux anapangira Coco Chanel mu 1921. Alinso mu Terre d'Hermès, wa mu 2006, wopangidwa ndi Jean-Claude Ellena, amene mutu wake ndi lalanje, tsinde lake vetiva ndi mtengo wa cedar. Tamvani bwino pamenepo: lalanje pamwamba, vetiva pansi. Botolo limene munthu amalipira ndalama zogulira mbuzi zingapo lamangidwa pa mafungo amene mwana wa pa Lirangwe amakumana nawo popita kudimba.

Koma ndisakupatseni maganizo oipa. Musadzuke mawa n'kukazula vetiva yense wa m'munda kuti mwapeza mgodi. Ku Haiti komweko, kufukula mizu m'mapiri otsetsereka kwakokolola nthaka yambiri, udzu woteteza dothi n'kusanduka wowononga dothi. Wa pa akalozera musiyeni agwire ntchito yake. Kamuzu kamodzi ka m'mphepete n'kokwanira pa phunziro lathu.

Nanga mafutawo amawatulutsa bwanji? Pano amayi ena a m'midzi yathu akhoza kuphunzitsa kalasi, ngakhale sindikuwatchula mayina. Aliyense amene anaonapo mmene amatchezera kachasu wamvetsa kale. Mumaika maluwa, masamba kapena mizu mu mphika waukulu, nthunzi imadutsamo n'kunyamula mafuta onunkhira aja, imalowa mu mpope wodutsa m'madzi ozizira, n'kusanduka madontho. Mafuta amalekana ndi madzi, ndipo amawatapa. Ngakhale pa kachasu, zoyamba kudontha amazitcha mutu, chifukwa zopepuka ndizo zimatsogola. Lamulo lake ndi lomwe lija la minibasi ya manachesi. Luso limeneli ndi lakale. Pa mapale a dongo a ku Mesopotamia, a zaka pafupifupi 1200 Yesu asanabadwe, pali dzina la mayi wina, Tapputi, amene ankapanga zonunkhira kunyumba ya mfumu. Mu Eksodo mutu 30 mulinso ndondomeko yonse ya mafuta odzozera, miyeso yake ndi zipangizo zake. Liwu lenileni lakuti perefyumu linachokera ku Chilatini, ndipo tanthauzo lake ndi “kudzera mu utsi”, popeza zonunkhira zoyamba ankazifukiza pamoto, monga timachitira ndi lubani mpaka lero. Lubaniyo ndi utomoni wa mitengo ya ku Somalia, Ethiopia ndi Oman, ndipo nayenso amalowa mu perefyumu.

Si zonse zimene zimalola kuphikidwa. Makoko a mandimu amangowafinya. Maluwa a jasmine ndi osalimba, amawathyola ndi manja m'bandakucha dzuwa lisanawawambe, n'kuwaviika m'mankhwala osungunula fungo. Rozi amalola nthunzi, koma ndi woumira: kuti mupeze kilogalamu imodzi ya mafuta ake pamafunika matani atatu kapena anayi a maluwa. Matani! Ndiye wina akakuuzani kuti kabotolo ka mtengo wa sopo muli mafuta enieni a rozi okhaokha, mumwetulire, mupitirize ulendo.

Komabe musaganize kuti chilichonse chopangidwa mu fakitale ndi chachinyengo. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Mu 1868 William Perkin wa ku England anapanga mu labotale fungo lofanana ndi la udzu wongomweta umene ukuuma, lotchedwa coumarin. Mu 1874 akatswiri awiri a ku Germany anapanga fungo la vanila popanda vanila. Mu 1882 kampani ya Houbigant inatulutsa Fougère Royale, mmene munali coumarin uja, ndipo kuchokera pamenepo perefyumu wamakono anabadwa. Chanel No. 5 yemweyo anatchuka chifukwa cha mankhwala a mu labotale otchedwa aldehydes, amene amachititsa maluwa kumveka owala ngati nsalu yochapa kumene. Lero pafupifupi perefyumu aliyense, wodula ndi wotchipa yemwe, ndi msakanizo wa zachilengedwe ndi zopanga. Zopangazi zapulumutsanso nyama: kale fungo la musk ankalipeza popha kagwape ka m'mapiri a ku Asia. Choncho mukawerenga pa katoni kuti muli apozi, chikopa kapena mphepo ya kunyanja, musaganize kuti anafinyiramo apozi. Akungokuuzani chimene mphuno yanu ikumbukire.

Kusakaniza kwake ndi kumene kuli luso. Amayi, ganizirani kutendera. Muli ndi nkhwani, nsinjiro, tomato, mchere ndi chidulo. Mukaphika bwino, munthu sanena kuti ndikumva nsinjiro payokha kapena tomato payekha, amangoti ndiwo zakoma. Chatuluka ndi chinthu chatsopano. Mukachulutsa chidulo pang'ono pokha, mphika wonse wawonongeka. Opanga perefyumu amatcha msakanizo wotere accord, liwu linanso la oimba, la mawu angapo omveka ngati amodzi. Amayamba ndi zipangizo ziwiri kapena zitatu, kuyesa miyeso yosiyanasiyana pa sikelo, kulemba chilichonse m'kope, mpaka zitagwirizana. Kenako amamanga pamwamba pake. Perefyumu mmodzi atha kukhala ndi zipangizo makumi angapo, ndipo amamuyesa kambirimbiri asanamuvomereze. Ku France munthu wa ntchito imeneyi amangomutcha Mphuno, ndipo amaphunzira kwa zaka, kuloweza mafungo mazanamazana ngati mmene mwana amalowezera mawerengero. Akamaliza, mafutawo amawasungunula mu ethanol, mtundu womwe uja wa spiriti umene kuno kwathu umapangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Amausiya milungu ingapo kuti ukhwime, amausefa, ndiye n'kuuthira m'mabotolo.

Kuchuluka kwa mafuta mu spiritimo ndi kumene kwalembedwa pa botolo m'mawu achifalansa aja amene timangowadumpha. Pakalembedwa Parfum, mafuta ali magawo 20 kapena kuposerapo pa 100 alionse. Eau de Parfum ali ndi magawo 15 mpaka 20. Eau de Toilette, ndipo musaseke, sizikukhudza chimbudzi, ali ndi magawo 5 mpaka 15. Cologne ndi wochepera pamenepo, ndipo dzina lake ndi la mzinda wa ku Germany kumene Johann Maria Farina anayamba kugulitsa madzi ake a mandimu mu 1709. Zopopera za m'zitini zimene anyamata amakonda ndiye zotsikitsitsa. Ngati chitini chanu sichifika masana, sichinakunamizeni, mphamvu yake ndi yomweyo. Pali tsono timabotolo ta mafuta topanda spiriti, timene ambiri timati ta ku Dubai, ndipo abale athu achisilamu amadzola popita ku mzikiti Lachisanu. Timeneti sitiphulika pamphuno poyamba, timakhala pafupi ndi khungu, koma timachedwa kutha. Fungo lolemera la oud limene lili m'tambiri mwa ito, likakhala lenileni, limachokera ku mtengo wa ku Asia umene umatulutsa utomoni wakuda ukadwala. Lenilenilo ndi lodula koopsa, choncho la pa msika wathu ndi lofanizira chabe, ndipo palibe cholakwa bola wogulitsa asalumbire kuti ndi lenileni.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

MUULUTSI: Ndiye tigule bwanji? Musanunkhize chivindikiro ngati ine. Pemphani kuti akupopereni pa mkono, pamwamba pa chikhatho. Musatikite. Nunkhizani kamodzi, kenako chokanipo. Pitani mukagule tomato, mukametetse, mukacheze ndi anzanu. Pakatha theka la ola nunkhizaninso, ameneyo ndiye mtima. Ngati n'kotheka pitani kunyumba, mukamve tsinde madzulo, mudzagule tsiku lina. Wogulitsa amene amakhulupirira katundu wake sakwiya nazo. Musayese mitundu yoposa itatu nthawi imodzi, mphuno imatopa n'kuyamba kukunamizani. Kutopa komweko ndi kumene kumapangitsa ena kudzipopera kakhumi. Mphuno yanu ikazolowera fungo imasiya kukuuzani, inu n'kumati latha, pamene mnzanu wokhala naye pampando akutsamwa. Kawiri kapena katatu n'kokwanira. Ndinenenso mosabisa: perefyumu salowa m'malo mwa madzi ndi sopo. Akakumana ndi thukuta la dzulo, wogonja amakhala perefyumuyo.

Kutentha kwa kuno kwathu nakonso kuli ndi mbali yake. Mu Okutobala, chigwa cha Shire chikamatumiza mpweya wake wamoto, mutu wa perefyumu umauluka mofulumira kuposa mu Juni, ndipo matsinde otsekemera ngati vanila amalemera mpaka kudwalitsa mutu. Zimenezo ndi zimene zinandigwera pa ukwati uja. Otsekemera asungireni nyengo yozizira kapena madzulo. Botolo musaliike pawindo kapena pa dashibodi ya galimoto, dzuwa limaphika mafutawo, ndipo choyamba kufa ndi mandimu a pamutu aja. M'sutikesi kapena m'kabati, mu katoni yake, ndi malo abwino. Perefyumu amene akukuwotchani khungu, kukutulutsani ziwengo kapena kukulizani misozi, msiyeni, kaya munamugula ndalama zingati. Ana akhanda musawapopere, ndipo pafupi ndi munthu wa mphumu muzisamala.

Ndisanatsanzike, kankhani kamodzi kamene kamandisangalatsa. Mvula ya chizimalupsa ikagwa pa nthaka youma, tonse timatuluka panja kukakoka mpweya. Fungo lija limachokera ku tizilombo tating'ono ta m'dothi, ndipo mphuno ya munthu imaligwira ngakhale litachepa chotani. Mu mzinda wa Kannauj ku India muli amisiri amene amaotcha dongo, kuliika mu miphika ya mkuwa, kulitcheza monga tafotokozera muja, n'kukola fungolo m'mafuta a mtengo wa sandalwood. Amagulitsa fungo la mvula yoyamba m'botolo. Ife timalipeza ulere chaka chilichonse.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi. Pezani tinsalu titatu toyera. Pa koyamba finyirani khoko la ndimu kapena la nachesi. Pa kachiwiri tikitirani duwa lililonse lonunkhira limene lili pafupi nanu. M'kachitatu kulungani kamuzu ka vetiva kouma, kosinja pang'ono. Nunkhizani m'mawa, masana, madzulo ndi mawa lake, muone kuti kayambe kutha ndi kati. Ana a sukulu, lembani m'kope zimene mwapeza, mukaonetse aphunzitsi a sayansi.

(NYIMBO YOTSEKERA)